Machenjezo a m'Vesitile

Ine ku Chintheche ndinapitira ntchito, za banja sizinali m'mutu. Kwathu ndi ku Dedza, kozizira, ndipo chaka choyamba kunyanja ndinangothera kupukuta thukuta ndi kudandaula. Ntchito yanga inali pa loji ina cha ku Kande, m'kachipinda ka makompyuta momwe alendo ankalemberamo abale awo kuti afika bwino ndipo ng'ona sizinawadye. Makompyutawo anali okalamba. Mzungu wina amene anakhala nafe miyezi ingapo, atasowa chochita, anandiphunzitsa kuwadzutsa ndi pulogalamu yaulere ija imene munthu amatha kuitsegula m'mimba n'kuisintha yekha. Atachoka ndinatsala ndine dokotala wa makompyuta kuyambira ku Kande mpaka ku Bandawe. Sikuti ndinkadziwa kwambiri, kungoti panalibe wina.

Za banja zinabwera ndi kwaya. Mtsikana wina, mphunzitsi wa kupulaimale, ankabwera kudzatayipitsa mawu a nyimbo za kwaya ya kutchalitchi kwawo. Nyimbozo zinali za Chitonga ndipo ndinkazilakwitsa, iye n'kumabwerera kudzandikonza. Patapita nthawi ndinayamba kuzilakwitsa mwadala. Titamvana, anandiuza kuti kwawo mwamuna sapita yekha kukadzionetsa, amatuma thenga, amene kwathu tingati ndi nkhoswe. Ndinatuma khukhi wa pa loji pathu, bambo wa ku Usisya wodziwa kuyankhula ndi akulu.

Bambo ake a mtsikanayo anali hedimasitala wopuma pa ntchito komanso mkulu wa mpingo. Ankavala tayi ngakhale mu Okutobala, pamene nkhuku zenizeni zimayenda kukamwa kuli yasa. Anamulandira bwino thenga wanga, anamumvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Tamva." Basi. Masabata anadutsa yankho osabwera. Ndinaonda, ndipo khukhi ankandiwonjezera chakudya mondimvera chisoni.

Uthenga utabwera, sunali wa ukwati. Akuti ndipite kutchalitchi ndikaone kompyuta.

Zaka zimenezo kwaya iliyonse inkafuna kutulutsa sidi ya nyimbo zake. Abale a mpingo wina wa kunja anali atatumiza kompyuta yakale pamodzi ndi kabokosi kolumikizirako maikolofoni kuti kwaya izijambula nyimbo. Kompyuta inkayaka bwinobwino, koma kabokosiko sinkakaona. Ukakalumikiza inkangokhala ngati munthu amene wakana kupereka moni.

Vuto ndinalidziwa. M'kati mwa kompyuta muli pulogalamu yaikulu yotchedwa kenelo, imene ili ngati kapitawo wa zonse. Kuti kapitawoyo ayankhulane ndi chipangizo chilichonse, kaya disiki, kaya kiyibodi, amafunika womasulira wake, amene timamutcha diraiva. Kenelo ya m'kompyutayi inamangidwa popanda diraiva wa kabokosi kaja. Mankhwala ake anali kumanga kenelo ina. Umatenga zolemba za anthu amene anaipanga, n'kusankha zigawo zomwe ukufuna, kenako kompyuta imazisandutsa zonse kukhala chinenero chake. Timati kukompaila. Pa kompyuta yokalamba ngati ija, ntchitoyi inkayamba m'mawa n'kutha dzuwa litapendeka. Ndinali nditaichitapo kangapo ku loji, ndipo mumtima ndinati Mulungu wandikumbukira, mdalayu aona kuti mwana wake sakupita kwa munthu wamba.

"Ada, ndiitenge ndikaikonzere ku ntchito," ndinatero. Kumeneko bambo aliyense wolemekezeka timati ada.

"Katundu wa mpingo sapita kumene amagulitsa mowa, young man. Mukonzera muno," anatero bambo a mtsikana uja.

Muno mwake munali m'vesitile, kachipinda kamalata kakuseri kwa tchalitchi, kotentha ngati uvuni wa masikono. Anakokera mpando pafupi nane, anakhala, anapukuta magalasi, n'kuika ambulera yawo pakati pa miyendo. Ndinazindikira kuti sakuchoka.

Poyamba zinayenda bwino. Ndinatsegula tsamba la buluu losankhirapo zigawo, ndinapeza diraiva wa kabokosi, ndinamuvomera, n'kuyambitsa ntchito. Mizere inayamba kukwera pa sikirini, umodzi pambuyo pa unzake. Ndinatsamira mpando ndi manja kunkhongo kuti aone kuti zimenezi kwa ine ndi zatsiku ndi tsiku. Kenako pakati pa mizere yaifupi panatulukira wautali, wokhala ndi liwu lachingerezi lakuti warning.

"Imitsani," anatero.

"Palibe vuto, ada. Zimenezi zimatuluka nthawi zonse."

"Ndati imitsani. Ndaona chenjezo."

Ndinaimitsa. Anasendera pafupi, nsonga ya ambulera ili pa sikirini, n'kuwerenga mzere wonse mokweza ndi Chingerezi chawo cha kumishoni, chija chotchula chilembo chilichonse. Atamaliza anandiyang'ana pamwamba pa magalasi kuti ndimasulire. Ndinafotokoza kuti amene analemba gawo limeneli anakonza malo oti asungirepo kanthu, koma sanawagwiritse ntchito, ndipo kompyuta ikungomukumbutsa.

"Ndiye ulesi," anatero. "Pitirizani."

Sitinapite patali. Chenjezo lachiwiri linkati njira ina imene yagwiritsidwa ntchito ndi yakale, ndipo tsiku lina idzachotsedwa. Ili linawakhudza mtima. "Chakale chalakwa chiyani? Akuchotsa ndani? Anafunsa akulu?" Chenjezo lachitatu linkati mwina kanthu kena katengedwa kasanaikidwemo chilichonse, ngati kupereka mbale patebulo musanapakule. Apa anavula magalasi. "Mwina? Makina akuti mwina? Ine mwana wa sukulu akandiyankha kuti mwina ndinkamutulutsa panja."

Ndinayesa kuwafotokozera modekha. Ndinati mauthenga alipo amitundu iwiri. Pali umene umati error, ndipo ukatuluka ntchito imaima pomwepo, palibe kukambirana. Koma chenjezo ndi kompyuta kungonena kuti chakuti sichinaisangalatse, kenako n'kupitiriza. Ndinati kenelo yonse imatulutsa machenjezo ambirimbiri, ndipo anthu padziko lonse amangowayang'ana akudutsa.

"N'chifukwa chake dziko lafika pamene lafikapa," anatero. "Young man, zaka zonse zimene ndakhala mu seshoni, bwalo la akulu a mpingo uno, sitinayambe tayang'ana chenjezo likudutsa. Munthu timamuchenjeza. Akapanda kusintha, timamudula. Amenewa mungawalangize kuti asinthe?"

Ndinati sindingathe. Zolembazo analemba anthu akutali, ndipo ine ndinkadziwa kumanga kokha, osati kulemba.

"Ndiye aduleni."

Munthu wanzeru zake akanakana. Koma ine ndinali mnyamata woyembekezera yankho, ndipo wondiuzayo ndi amene anali nalo m'thumba la jekete. Ndinati, "Yewo, ada," kumene kuli kuthokoza kwa kumeneko, n'kutsegula tsamba la buluu lija.

Umu ndi mmene tinagwirira ntchito sabata yonse, ine ndikathawa ku loji. Chenjezo likatuluka, ambulera inkagogoda pansi. Ndinkaimitsa, tinkawerenga mlandu, ndinkafufuza kuti wolakwayo ndi wa gawo liti, ndipo iwo ankalengeza ndi mawu a mu seshoni, "Wadulidwa." Ine n'kumuchotsa. Ena sanandipweteke mtima. Tinadula diraiva wa timakina tosewerera magemu, tinadula wa mawailesi a anthu okonda kuyankhulana ndi akunja, tinadula wa makamera amene ku Bandawe sanafikeko n'kale lonse. Mdala anayamba kuikonda ntchitoyo. Ankafika ine ndisanafike. Magetsi akathima, zomwe zinkachitika pafupipafupi, ankakhala pomwepo kudikira, ndipo akabwera ankandigwedeza phewa ngati ndikugona. Machenjezo ena anali a m'zigawo zosachotseka, ndipo amenewo mwamwayi ankadutsa iwo akupukuta magalasi kapena akuyetsemula. Ine sindinkawabweza.

Mtsikana wanga ankabwera ndi tiyi masana, n'kuika thireyi osandiyang'ana, monga mwana woleredwa bwino. Tsiku Lachinayi, iye ali pakhomo ndi thireyi, panatuluka chenjezo la m'gawo loona za disiki. Mtima unandiuza kuti uyu si wodula. Ndinatsegula pakamwa kuti nditsutse, koma ndinaona tayi, ndinaona thireyi, ndinaona ambulera ikugogoda. "Wadulidwa," anatero bambo ake. Ine ndinati, "Yewo, ada," ndipo ndinamudula.

Pofika Lachisanu mizere inkakwera yoyera, yaifupiyaifupi, ngati ana a sukulu pa mzere wa m'mawa. Ntchito inathanso msanga, poti otsala anali ochepa. Mdala anaimirira, anakonza tayi, n'kunena kuti, "Mwaona? Mwambo." Analamula kuti kwaya yonse ibwere Loweruka m'mawa itavala yunifolomu, tidzayatse kenelo yatsopano pamaso pa onse.

Anabweradi. Amayi ndi atsikana a malaya oyera, anyamata a mataye, ena ochokera kutali ku Limphasa pa njinga. Anadzaza vesitile, ena n'kumasuzumira pawindo. Mdala anayamba ndi pemphero, kenako anayankhula mwachidule za kufunika kwa mwambo, ngakhale pakati pa makina. Atatha anandilozera ndi ambulera. Ndinazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso.

Mizere ingapo inakwera. Kenako inaima. Timagetsi tiwiri ta pa kiyibodi tinayamba kuphethira, phethi phethi. Pansi pa sikirini panali mawu amene aliyense womanga kenelo amawalota usiku, ndipo mdala anawawerenga mokweza kuti kwaya yonse imve: "Kernel panic."

"Chimenechi n'chenjezo?" anafunsa.

"Ayi, ada."

"Nanga n'chiyani?"

Ndinafotokoza ndi mawu apansipansi. Kapitawo wadzuka, wafuna kupita ku disiki kumene kuli zonse za m'kompyuta, koma wodziwa njira ya kumeneko palibe. Ndiye wasokonezeka, wangoima.

"Wapita kuti wodziwa njirayo?"

Mayi wina wa pawindo ananena kanthu m'Chitonga, ndipo onse a kumbuyo anaseka chobisa nkhope. Sindinamve zonse, koma mawu akuti Dedza ndinawamva bwinobwino. Apa m'pamene mutu wanga unatentha. Kutentha kwa m'malata, sabata yonse ya yewo ada, masabata onse odikira yankho, zonse zinakwera pamodzi.

"Tinamudula Lachinayi!" ndinakuwa. "Munamudula ndinu, ada! Ndinakuuzani tsiku loyamba lomwe kuti chenjezo si kukana. Kompyuta imadandaula koma ikugwira ntchito. Inu mwadula aliyense amene anatsokomola. Onani tsopano, mpingo wanu ndi woyera, koma mulibe ndi woliza belu yemwe!"

Mtsikana wanga anali pakati pa anzake oimba alito, ndipo anangoyang'ana zala za kumapazi. Ndinadziwa kuti ndadziphera ndekha. Ndinakalipira hedimasitala, mkulu wa mpingo, m'vesitile mwake, pamaso pa kwaya yovala yunifolomu. Ndinayamba kuganiza za basi ya ku Dedza, ndipo ndinamva chisoni chenicheni, chifukwa mtsikanayo ndinkamukonda kuposa mmene ndinkadziwira kunena m'chinenero chilichonse.

Mdala anavula magalasi, anawapukuta kwa nthawi yaitali ndi nsonga ya tayi, n'kuwavalanso.

"Odulidwa amabwerera bwanji?" anafunsa. "Kwathu kuno amayamba alowa kalasi ya olapa."

"Kuno kulibe kalasi, ada. Timangowabwezera."

"Onse?"

"Onse."

"Osalapa?"

"Osalapa, ada."

Anapumira m'mwamba ngati munthu amene wauzidwa kuti adye ndi dzanja lamanzere. Kenako anauza kwaya kuti ikadikire pansi pa mtengo wa mango.

Chinthu chimodzi chanzeru chimene ndinachita sabata imeneyo chinali kusunga kenelo yakale osaifufuta. Ndinayatsira imeneyo, ndinatsegula tsamba la buluu, n'kubwezera aliyense pamalo pake, wa disiki, wa magemu, wa makamera, waulesi uja ndi wa mwina uja. Ndinayambitsa ntchito. Machenjezo anayamba kutsika ngati mvula ya ku Nkhata Bay, yosadziwa kukata. Mdala anakhala pambali panga manja onse awiri atagwira ambulera. Ndinkaona nsonga yake ikunyamuka pang'ono chenjezo lililonse likatuluka, kenako n'kubwerera pansi mosagogoda. Milomo inkawerenga mwakachetechete. Pena ankatsinzina. Lina lalitali litadutsa, anafunsa osandiyang'ana, "Yaima?" Ndinati, "Sinaime, ada." Patapita nthawi anafunsanso, ndipo ndinayankha chimodzimodzi. Kunja kwaya inatopa kudikira n'kuyamba kuimba, ndipo tinakhala awiriwiri m'ng'anjo muja mpaka masana, thukuta lili kamukamu, tikuonerera kompyuta ikudandaula.

Magetsi anatichitira chifundo tsiku limenelo. Ntchito itatha ndinayatsanso kompyuta, mizere inakwera osaima, ndipo kagetsi kobiriwira ka pa kabokosi kanayaka. Kwaya inalowa, inaimba nyimbo imodzi, ine n'kujambula. Nditawaikira nyimboyo kuti aimve, amayi anakuwa atamva mawu awo akutuluka m'masipika, ndipo amene anatchula Dedza uja anandigwira dzanja ndi manja awiri. Ndinayang'ana kwa mdala kuti mwina anena kanthu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Pisirani shati, young man. Muno ndi m'nyumba ya Mulungu."

Anatenga ambulera n'kutuluka.

Sabata yotsatira anaitanitsa thenga wanga. Khukhi anapita atavala jekete lobwereka, ndipo anabwerako masana nkhope ili yogwa. Anandipeza kuseri kwa khitchini, anakhala pa kreti, n'kupukusa mutu.

"Achimwene, zavuta. Ine ndatumikirapo maukwati ambiri, koma sindinamvepo munthu akunenedwa chonchi."

"Anati chiyani?"

"Akuti ndinu wamtima wapachala. Akuti mumakweza mawu kwa akulu. Akuti Chitonga chanu chimapweteka m'makutu. Akuti nsima ya kondowole mumatafuna m'malo momeza, anakuonani pa chikondwerero cha kutchalitchi. Akuti munthu wokhala kunyanja chaka ndi chaka osadziwa kusambira ndi wokayikitsa. Akuti mumagwira ntchito pamalo a mowa. Akuti tayi mulibe. Akuti mukamaganiza mumakanda m'mutu ndi bolopeni, ndipo mwina muli ndi nsabwe."

"Mwina?"

"Anatero, mwina. Ndipo pamenepo anamwetulira, sindikudziwa chifukwa chake."

Ndinasendera pafupi naye. "Ada, kumbukirani bwino. Pa zonsezi, pali pamene anati ayi?"

Khukhi anaganiza. "Ayi weniweni sanamutchule."

"Anamaliza bwanji?"

"Apo m'pamene ndinasokonezeka, mwina ndi ukalamba. Anati ndikuuzeni kuti zonsezi zatuluka pa sikirini, koma makina sanaime. Akuti inuyo mumva."

Ndinamunyamula bamboyo pamodzi ndi jekete lake lobwereka, ndipo alendo awiri amene ankadya chamasana anadzuka kudzaona ngati kukhitchini kwabuka moto.

Tinakwatirana m'tchalitchi momwemo, kwaya yomweyo ikuimba. Tayi ndinagula. Kusambira sindinaphunzire mpaka lero. Ndipo apongozi anga sanasiye kundichenjeza tsiku ndi limodzi lomwe. Tikapita kukawaona, ndisanakhale n'komwe pansi, ankayamba. Tsitsi lakula. Mimba yayamba kutsogola. Ana akuyankhula Chichewa chokhachokha ngati a ku boma. Njinga yamoto ndikuithamangitsa. Nthawi zina zinkandikwana, ndipo pobwerera ndinkadandaulira mkazi wanga kuti bambo akowa sanandiyamikirepo kanthu chikwatirire. Iye ankangoseka n'kundifunsa kuti, "Yaima?" Ine n'kuyankha monyinyirika kuti sinaime.

Atadwala matenda awo omaliza tinapita kukawaona kunyumba kwawo ku Bandawe. Anali atagona pabedi, opanda tayi, ndipo aka kanali koyamba kuona khosi lawo. Ndisanalowe m'chipindamo ndinatulutsa shati m'buluku mwadala, mbali imodzi yokha, kuti ionekere bwino. Ndinaima pafupi ndi bedi pamene sakanalephera kuiona. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi monga kale. Maso anaima pa shati paja. Ndinadikira. Anangomwetulira pang'ono, n'kutseka maso.

Pa ntchito yanga ndaona masikirini ambiri odzaza ndi machenjezo, ndipo sanandiopsepo. Chimene chimandiopsa ndi pamene mizere yasiya kukwera. Ndinatuluka panja, ndinazungulira kuseri kwa nyumba kumene kunali munda wawo wa chinangwa, ndipo ndinalira ngati mwana. Nditatha ndinapukuta m'maso, ndinapisira shati, n'kubwerera m'nyumba kukakhala nawo.